Konkire Wopanda Polekezera

Ndinayamba kupeza miyala m'matumba a buluku la mwamuna wanga chilimwe chitangoyamba. Zinali nsangalabwi zosalala, zobulungira, zina zoyera ngati dzino, zina zofiirira ngati chiwindi. Ndikamachapa ndinkazitulutsa n'kuziika pawindo. Iye ankaziona, osanenapo kanthu.

Mwamuna wanga ndi mmisiri womanga nyumba. Anzake amamutchula Levulo, dzina la chida choyezera kuwongoka kwa khoma, chifukwa ngakhale akalowa m'nyumba ya eni kukazonda wodwala, maso ake amakhala pakhoma kuona ngati lili lowongoka. Wamangira anthu nyumba zambiri, koma ife tinkakhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya amayi ake. Bedi, mashini anga osokera, kamatiresi ka mwana, ndowa ya madzi, matumba a simenti amene tinkasonkhanitsa pang'onopang'ono, zonse zinali m'menemo. Ukafuna kutsegula chitseko unkayamba wasuntha mpando. Khoma lotilekanitsa ndi apongozi silinafike kudenga, moti ndikatsokomola ankandifunsa ngati ndamwa mankhwala, ndikaseka ankafuna kudziwa chandiseketsa n'chiyani.

Puloti tinali nayo. Bambo anga anandisiyira pomwalira, kumtunda, kumapeto kwa tauni kumene basi imatembenukira. Anaisunga zaka zambiri osamangapo, osalimapo, osabwereketsa munthu. Mwamuna wanga analonjeza kuti mvula isanagwe chaka chimenecho tikhala titalowa m'nyumba yathu, ngakhale itakhala ya chipinda chimodzi. Loweruka ndi Lamlungu ankanyamula piki ndi fosholo m'mawa, n'kubwera dzuwa litapendeka ali mbuu.

"Maziko afika pati?" ndinkamufunsa.

"Tikukumba."

"Mwezi wathawu munatinso mukukumba."

"Dothi lake ndi lovuta, mayi a mwana. Usadzivute n'kupitako, kuli fumbi lokhalokha."

Simenti sinachoke m'chipinda. Thumba lapansi linayamba kuuma m'makona. Nsangalabwi zinkachulukirabe pawindo.

Chimene chinkandisowetsa mtendere n'chakuti kupuloti kulibe mtsinje. Ndi kumtunda kouma, madzi anthu amakatunga kutali. Miyala yotere munthu amaitola m'mbali mwa madzi. Ndikamapalasa mashini masana, mutu wanga unkasoka zakezake: mtsinje wina kutali ndi tauni, mthunzi wabwino, mkazi wopanda mwana kumsana atakhala pamwala mapazi ali m'madzi, akumusankhira timiyala tokongola n'kumamuikira m'thumba. Mkaziyo ndinamupatsa ndi nkhope yomwe, ndi kasekedwe kake. Tsiku lina ndinasoka mkono wa diresi la kasitomala motembenuza chifukwa cha iyeyo.

Sindinalire, sindinakalipe. Ndinali nditatopa moti mphamvu zokangana ndinalibe. Ndinangoyamba kusamutsa zovala zanga ndi za mwana pang'onopang'ono, m'majumbo, kupita nazo kwa achemwali anga. Ndinadziuza kuti mvula yoyamba ikandipeza ndili m'chipinda chija, banja latha.

Achemwali anga amagwira ntchito ku labu yoyesa dothi ndi miyala ya anthu omanga misewu. Sanakwatiwe, ndipo amati amuna onse anawayesa kale pamakina, palibe amene anapirira kulemera. Ataona ndikulowa ndi jumbo lina, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Iwe, ukusamuka kapena watsegula shopu m'nyumba mwanga?"

Ndinakhala pansi n'kuwafotokozera zonse, za simenti, za matumba a buluku, za mkazi wa kumtsinje.

"Wamuona?"

"Ayi."

"Fungo la mafuta achilendo? Foni yobisa?"

"Ayi. Miyala yokha."

"Ndiye ukuthetsa banja chifukwa cha miyala. Koma ana a bambo anga inu." Anavula magalasi n'kupukuta. "Loweruka timutsatire. Iwe ukamuone mkaziyo ndi maso ako, ine ndikaone ngati akundiposa kukongola."

Loweruka mwana ndinamusiya kwa apongozi, ndikunamizira kuti ndikukagula nsalu. Mwamuna wanga anakwera basi, ife tinakwera yotsatira. Pamalo alionse oimikira ndinkasuzumira pawindo kuti ndimuone atatsika, koma sanatsike. Titafika kumapeto tinamuona patali akukwera chitunda, piki ili paphewa, akuyenda ngati munthu amene miyendo si yake. Mtima wanga unati, ndiye kuti amakumana pamalo a bambo anga penipeni.

Puloti ndinasowa poyambira kuizindikira. Anali ataitchinga yonse ndi malata akale ndi masaka, moti wodutsa mumsewu sakanaona m'kati. Tinaima panja tikupuma. Sitinamve mawu a munthu, sitinamve kuseka. Panangomveka hamala ikumenya chitsulo, ngo, ngo, ngo, n'kuleka, n'kuyambanso. Ndinasuzumira pampata wa malata.

Maziko a nyumba ndimawadziwa, amakhala ndi makona, umatha kuloza kuti apa pabalaza, apa pogona. Zimene ndinaona sizinali zimenezo. Ngalande zinachokera pakati pa puloti n'kumwazikana mbali zonse, zina zowongoka, zina zokhota, mpaka kukagunda mpanda. Milu ya dothi lofiira inali ponseponse. M'ngalande ina munkaoneka mutu ndi mapewa a mwamuna wanga, malaya atavula. Nthiti zake zinkawerengeka. Tinkagona bedi limodzi, koma sindinadziwe kuti watha chotero.

Achemwali anakankha lata n'kulowa. Iye anadzuka hamala ili m'manja, n'kutiyang'ana nthawi yaitali.

"Alamu, mwabwera."

"Tabwera kudzalonjera mkazi mnzake wa mng'ono wanga. Ali kuti? Mwamubisa m'dzenjemo?"

Sanaseke. Anayang'ana ine.

"Izi sindinafune kuti uzione, mayi a mwana."

"Ndaziona kale. Nyumba ili kuti?"

Anaika hamala pansi n'kundikodola kuti ndifike m'mphepete. Pansi pa ngalandeyo panalibe dothi. Panali chinthu cholimba, chotuwa mofiirira, chodzaza ndi nsangalabwi zomatirirana, zazikulu ndi zazing'ono, zofanana ndi za pawindo zija.

"Konkire," anatero motsitsa mawu, ngati mpanda uli ndi makutu. "Ndinamupeza tsiku loyamba lomwe. Wina anathira konkire pano n'kumukwirira ndi dothi lofika m'chiuno."

"Ndiye?"

"Ine ndamanga zaka zonsezi. Thanki ya chimbudzi imakhala ndi chivundikiro. Maziko akale amakhala ndi mizere ya makoma. Uyu alibe chilichonse. Munthu sathira silabu n'kuikwirira ngati palibe chimene akubisa pansi pake. Ndipo puloti ino anaisunga ndani zaka zonse zija, osalola munthu kukhomapo ngakhale chikhomo?"

Bambo anga anali okonza mawailesi, munthu wosalankhula, woti tsiku lonse akhoza kutha ndi mawu ochepa. Ankabwera kuno okha Lamlungu masana, n'kubwerera osanena chimene akachita. Ndili mwana ndinkaganiza kuti amabwera kudzalota za nyumba. Tsopano ndinaona zina m'mutu mwanga, zimene sindikufuna kuzitchula.

"Mukuganiza kuti pali munthu pansipa," ndinatero.

"Sindikudziwa chimene chilipo. Ndimafuna ndione ndekha kaye. Silabu iliyonse ili ndi polekezera. Ukapeza m'mphepete mwake umakumba chapansi n'kusuzumira, osaiswa. Ndinapita uku, palibe. Ndinapita uko, ndafika pamalire a eni, akupitirirabe. Ndaboola pakati mpaka mkono wonse kulowa, sindinatulukire." Anaonetsa zikhatho zake, matuza akale ndi atsopano. "Kuitana anzanga sindingathe, mawa tauni yonse imva. Kumanga pamwamba sindingathe. Ndingakugonetse bwanji iwe ndi mwana pa chinthu chimene sindikuchidziwa?"

"Nanga miyala ya m'thumba?"

"Ndinkakaonetsa mdala wina amene anandiphunzitsa ntchito. Iye anati akale ankathira konkire ndi miyala ya kumtsinje, makina oswera asanachuluke. Ndinangodziwa kuti ndi wakale, wa nthawi ya bambo ako."

Nthawi yonseyi achemwali anali atagwada m'mphepete akuyang'ana pansi. Kenako anavula nsapato n'kundipatsa pamodzi ndi chikwama chawo.

"Alamu, gwirani makwerero. Mukandigwetsa mundikwatira ndinu."

Anatsikira m'dzenje lalikulu la pakati, mmene mwamuna wanga anaswa mozama. Anapempha botolo lake la madzi n'kuthira pakhoma la dzenjelo. Fumbi litatsika, miyala inawala, yoyera, yakuda, yofiira, ina yamizeremizere. Anayendetsa chala pamenepo, n'kukanda pakati pa miyala ndi msomali umene anatola.

"Tsikani nonse. Alamu, mukamasakaniza konkire, mwala waukulu bwanji umene mumalola?"

"Wosafika dzira la nkhuku."

"Nanga uwu?" Analoza wina waukulu ngati mutu wa mwana.

"Akale ankaponyamo ikuluikulu, kupulumutsa simenti."

"Chabwino. Chitsulo mwapezamo? Waya? Chipsera cha thabwa? Kapepala ka thumba la simenti?"

"Ayi."

"Chilimwe chonse, ngakhale msomali umodzi wopindika? Amisiri ake anali aukhondo bwanji, kusiyana ndi inu. Nanga mukathira, miyala imagona bwanji?"

"Paliponse. Mosakanizika."

"Ndiye taonani apa."

Tinayandikira. Pansi panali miyala ikuluikulu. Pamwamba pake yocheperako, kenako timiyala ngati nyemba, kenako mzere wa mchenga wokhawokha wouma gwa. Pamwamba pa mchengawo ikuluikulu inayambiranso. Ndipo miyala yaphwatalala yonse inatsamira mbali imodzi, ngati mbale zotsukidwa zoyedzamitsidwa pathandala.

"Ndani ali ndi nthawi yoyala miyala umodziumodzi kuti ipendekere kumodzi?" anafunsa achemwali. "Kapitawo wake ndani? Ndiye onani chomatira chake. Simenti yanu ndi yotuwa, yosalala. Ichi ndi mchenga, chofiirira ndi dzimbiri la m'nthaka momwemu. Alamu, ameneyu si konkire. Ili ndi thanthwe. Ife kuntchito timalitchula kongolomereti."

Mwamuna wanga anapukusa mutu.

"Thanthwe ndimalidziwa, alamu. Thanthwe ndi mwala umodzi. Ichi wina anasakaniza."

"Anasakaniza, eya. Madzi. Kalekale, anthu kulibe, pano pankadutsa mtsinje waukulu. Unkagubuduza miyala kuchokera kumapiri osiyanasiyana, n'chifukwa chake mitundu yake ndi yambiri. Inkagundana m'njira mpaka makona onse kutha. Madzi akasefukira ankasiya ikuluikulu, akachepa ankasiya timiyala ndi mchenga, chaka ndi chaka. Kenako zonse zinakwiririka, zinapanikizika, madzi oyenda pansi anasiya zomatira m'mipata, mpaka zinagwirana. Ikanakhala ya makona ngati yoswa ndi hamala, tikanati sinayende ulendo wautali, ndipo dzina likanakhala lina."

"Mtsinje pamtunda pano?"

"Nthawi imeneyo sipanali pamtunda. Nthaka imakwera, imatsika, mitsinje imasamuka. Kungoti sizichitika inu mukuona."

Ndinagwira mwala umodzi woyera umene unatulukira pakhomapo. Unali wozizira, wosalala ngati sopo wotsala pang'ono kutha. Mtsinje unalipodi. Ndinali nditaimirira m'kati mwake, wopanda madzi, wopanda mthunzi, wopanda mkazi wokhala pamwala. Ndinafuna kuseka, koma chimene chinatuluka chinali mpweya chabe.

"Ndiye polekezera pake ndi pati?" anafunsa mwamuna wanga. Mawu ake anali a munthu amene sanakhulupirirebe.

"Valani malaya, anthu angati takulandani."

Anatitsogolera kutsika chitunda mpaka pamene msewu watsopano unadula phiri. Basi imadutsa pomwepo. Khoma la msewuwo linali lalitali kuposa nyumba, ndipo lonse linali lomwelo, nsangalabwi pamwamba pa nsangalabwi, mizere ya mchenga, kupitirira mpaka pokhotera. Udzu unamera m'ming'alu. Mbuzi inali pamwamba ikutiyang'ana.

"Mumadutsa pano Loweruka lililonse," anatero achemwali. "Koma maso amakhala tsidya linalo, kuona makoma a eni ngati apendama. Mukanakumbabe mukanatulukira pano, mwina mwana wanu atakwatiwa."

Mwamuna wanga anaika chikhatho pathanthwelo. Anayenda chammbali, dzanja likukhudzabe, ngati mmene amayendera pa pulasitala kufuna pamene patupa. Anafika patali, n'kuima, n'kukhala pansi m'mbali mwa msewu, mutu uli pakati pa mawondo. Lole inadutsa n'kumuthira fumbi, iye osasuntha.

"Nanga bambo?" ndinafunsa achemwali. "Bwanji sankamangapo?"

"Anayesa kukumba chimbudzi iwe uli kumsana. Piki inathyoka, nawonso msana unawagwira mwezi wonse. Anati malowa akufuna munthu wamphamvu, n'kusiya. Kubwereketsa ankaopa kuti wobwerekayo sadzachoka. Lamlungu ankathawa phokoso lathu, basi."

"Bwanji simunanene?"

"Anandifunsa ndani? Iwe umabwera ndi majumbo, alamu akandiona amangofunsa ngati khoma la bafa lasiya kudontha." Anakweza mawu kuti iye amve. "Alamu, ndibwera ndi anzanga tidzaliyese, chifukwa ena amafumbutuka ukawanyowetsa. Koma ili lakana piki yanu chilimwe chonse, silingalephere kunyamula kanyumba kanu. Chimbudzi ndiye mudzalira nacho." Anatenga chikwama chawo kwa ine. "Ndikukafuna chakumwa chozizira kugolosale uko. Ndichedwa dala."

Tinabwerera kupuloti awiriwiri. Tinakhala pamulu wa dothi, pakati pathu pali mpata woti munthu wina n'kukhalapo. Patsogolo pathu panali ngalande zonse zija, zoti zikwiriridwenso ndi manja omwewo amene anazikumba.

"Mukanapeza mafupa, mukanatani?" ndinafunsa.

Anaganiza kaye.

"Ndikanawakwirira bwinobwino. Ndikanakuuza kuti dothi ndi loipa, tifune kwina."

"N'kumandinamiza moyo wonse."

"Eya."

"Anali bambo anga, si anu."

"N'chifukwa chake. Umawatchula tsiku lililonse. Ukamadula nsalu umagwira sizasi ngati mmene ankagwirira pulayala, umanena wekha. Ndinaopa kukulanda zimenezo."

Ndinayang'ana manja ake. Ndinafuna kuwagwira, ndinafunanso kunyamuka n'kumapita. Zonse ziwiri zinkafuna mphamvu, ndiye ndinangokhala.

"Ine ndimati muli ndi mkazi kumtsinje."

"Ine? Ndi nthiti izi?"

"Ndinamupatsa ndi mpata wa m'mano womwe."

Anaseka pang'ono, kuseka kotopa, kenako anasiya.

"Zovala zanga zili kwa achemwali," ndinatero. "Ndi za mwana zomwe."

"Ndinaona kuti pachingwe zikuchepa. Ndinaopa kufunsa."

"Inu mumaopa kufunsa, mumaopa kunena. Ine ndimasoka nkhani m'mutu. Tikanatha chonchi, bambo a mwana, chifukwa cha mwala."

Anatola kadothi n'kukafumbutula ndi zala.

"M'chipinda chija sindibwereramo," ndinapitiriza. "Amayi anu ndi munthu wabwino, koma ndatopa kutsokomolera m'pilo. Ndikhala kwa achemwali ndi mwana mpaka pano padzakhale denga."

"Ndiye kuti wandisiya."

"Ndikanakusiyani sindikanakuuzani kumene ndili. Loweruka lililonse ndizibwera ndi basi yomweyo imene mwakwera inu. Mukapeza fupa, ndilione. Mukapeza njoka, ndiione. Malata awa muchotse, anthu aziona kuti tikumanga."

"Nyumba ya zipinda zitatu sitha chaka chino."

"Ndani watchula zitatu? Chimodzi. Koma khoma lake lifike kudenga."

Anadzuka pang'onopang'ono, atagwira msana, n'kupita pamene anaika chikwama cha zida. Anatulutsa chingwe chomangira chokulungidwa pakamtengo, ndi zikhomo zachitsulo. Anayang'ana uku ndi uku, n'kusankha pakona yakum'mawa, pamene thanthwe linali pafupi ndipo ngalande sizinafikepo kwenikweni. Anakhoma chikhomo chimodzi. Kenako anatembenuka, nsonga ya chingwe ili m'manja, osadziwa ngati angandipatse.

Ndinavula nsapato, chifukwa dothi linali litalowamo kale, n'kupita kukailandira.

"Bwerera m'mbuyo," anatero. "Pitirira. Koka kuti chilimbe."

Ndinakoka. Anatsinzina diso limodzi, akuyang'ana motsatira chingwecho.

"Sunthira kumanzere pang'ono."

"Kumanzere kwanu kapena kwanga?"

"Kwako."

Ndinasuntha.